Uthenga Umene Sindinapereke kwa a Nachisale

Zaka zanga sindiziwerenga ndi manambala, ndimaziwerenga ndi matebulo amene ndinayalapo mapu n'kumadikira anthu. Lina linali la matabwa a paini, lina linali chitseko chakale chosanjikidwa pa njerwa, lina silinali tebulo n'komwe koma mphasa. Mayina a matauni ake anandithawa. Ndikati ndikumbukire, onse amaoneka ngati tauni imodzi: msewu wafumbi, chigayo cholira masana onse, ndi mtengo wa mango pamene anthu amatsamiritsapo njinga. Chimene sichindithawa ndi liwu limodzi limene ndinanena pamaso pa anthu m'tauni yachinayi. Liwu limenelo linathetsa banja la mayi amene sanandilakwire chilichonse.

Masewerawo ndinawaphunzira m'tauni yoyamba, pakhonde la sitolo, kwa telala wina dzina lake a Zakeyu. Ndinapita kukaphunzira kusoka, koma ndinachokako ndikungodziwa kupinda mpendero. A Zakeyu anagwirapo ntchito kunja, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha, kope lakuda ndi madayisi awiri. Loweruka masana ankafunditsa makina awo chitenje, n'kuyala katoni pamene anajambulapo mapiri ndi mitsinje ya dziko limene kulibe. Anthu anayi ankakhala mozungulira, aliyense n'kusankha munthu woti akhale: wina mlenje, wina sing'anga, wina wosula mikondo, wina wakuba wolapa. Zitsekerero za mabotolo zinkaimira anthuwo pamapu. A Zakeyu, monga wogwira kope, ankafotokoza zimene apaulendowo akuona, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye mutani?" Munthu ankanena chimene akufuna kuchita n'kuponya dayisi, ndipo dayisiyo inkagamula ngati zatheka kapena zakanika. Panalibe wopambana, panalibenso kubetcha. Masewerawo tinkangowatcha kuti ulendo.

"Kufotokoza nkhani si ntchito ayi," anandiuza tsiku lina, singano ili pakamwa. "Nkhani ngakhale woledzera amafotokoza. Ntchito ndi kukhazika anthu anayi pamalo amodzi, tsiku limodzi."

Ndinaseka poganiza kuti mkuluyo akungodzichemerera. Patapita nthawi chifuwa chija chinawabwezera kwawo kumudzi, ndipo kope ndi madayisi anasiyira ine. Pamodzi ndi kopelo ndinanyamula lamulo limene iwo sanandipatse, ndinachita kudzipangira ndekha, lakuti ulendo suyamba mpaka onse anayi atakwana. Ndinkaliona ngati lamulo la ulemu, koma kunali kuuma mutu chabe.

M'tauni yachiwiri ndinkasankha fodya m'chigafa cha esiteti ina. Kumeneko ndinaphunzira kusiyanitsa tsamba labwino ndi loipa pongolikhudza, ndipo ndinaphunziranso kuti kwathu kuno munthu sakukanira pamaso. Wonena kuti "ndibwera" mwina abwera. Wonena kuti "ndiyesetsa" sabwera. Wonena kuti "tiona mmene kuchere" waiwala kale iwe uli chiimire pomwepo. Ndinapeza anzanga anayi a m'chigafamo ndipo onse anavomera ndi mtima wonse. Loweruka loyamba kunagwa maliro. Loweruka lachiwiri kunali chinkhoswe. Loweruka lachitatu anabwera awiri, ine ndinawabweza. Loweruka lachinayi anabwera awiri ena aja, ndinawabwezanso. Apaulendo anga anaima pachipata cha mudzi woyamba nyengo yonse ya fodya, mikondo ili m'manja, osasuntha phazi. Fodya atatha ndinamanga kathumba kanga n'kukwera msewu.

M'tauni yachitatu ndinkaumba njerwa kudambo, ndipo ndinati pano ndichenjere. Ndinaona kuti munthu akafuna omuthandiza kulima amafulula thobwa, ndiye ndinapempha mayi wa nyumba imene ndinkachita lendi kuti andifululire ndowa yathunthu. Anthu anabwera, sindinama. Anabwera makumi awiri, ena ndi ana kumsana, ena ndi makapu awoawo. Anamwa, anayamikira chimera, ndipo mkulu wina anatenga katoni ya mapu n'kukhalira poti pansi panali chinyezi. Mwa anayi amene ndinawaitana panafika mmodzi, ndipo iyeyo anayamba kuwodzera ndisanamalize kufotokoza phiri loyamba.

Thobwa litatha, anthu anathanso. Loweruka lililonse ndinkasesa pabwalo, n'kubwereka mipando inayi, n'kukhala ndekha. Nyumbayo inali m'mbali mwa njira ya kuchitsime, ndipo amayi podutsa ankandipatsa moni mwaulemu wonse: "Alendo aja sanafikebe, bambo?" Akangopitirira pang'ono ndinkamva kuseka. Ndinkachita manyazi mpaka makutu kutentha. Madzulo ndinkabweza mipando ija kwa eni ake, ndipo nawonso ankafunsa ngati alendo anayenda bwino. Kumeneko ndiye kunandilowa mantha amene anadzandipweteketsa, mantha okhala ndekha patebulo loyalidwa kale.

Sindikumbuka mmene ndinafikira m'tauni yachinayi. Ndimangokumbuka kuti mvula inkagwa mbali imodzi ya msewu, ine ndikuyenda mbali youma. Kumsika ndinapeza malo m'shedi ya okhoma ndowa ndi mbaula, ndipo ntchito imeneyi yokha ndiyo inandilowa m'manja. Nyumba ndinapeza kumapeto kwa tauni, yokhala ndi mpanda wa bango wautali kuposa munthu. Ndinaikonda chifukwa cha mpandawo, poti odutsa sakanaona ngati ndili ndekha.

Kumeneko ndinapeza anthu. Akimu anali wometa, wolongolola kuyambira kutsegula mpaka kutseka. Wedisoni anali kalaliki wa pasikelo yogulira mbewu. Mayi Filesi anali mphunzitsi wa pasukulu ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo kumsika ankabwera Loweruka m'mawa mokha. Wachinayi ankasowa. Tsiku lina ndikufotokozera Akimu za mlonda wa pamlatho wa m'masewera aja amene sadutsitsa munthu, mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi shedi yathu analowerera osatembenuka n'komwe.

"Nanga osangomupatsa chakudya bwanji? Mlonda aliyense amakhala ndi njala."

Amenewo anali a Nachisale. Amuna awo, a Gelesomu, ankayendetsa lole ya kampani yocheka matabwa ndipo ankabwera kunyumba kumapeto kwa mwezi. Nditawapempha kuti akhale wachinayi anakana kawiri. Kachitatu anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana m'maso.

"Ndafunsa abambo kunyumba. Akuti ngati aphunzitsi aakazi aja aliponso, palibe vuto. Ndiye timvane, bambo. Tsiku limene a Filesi sabwera, mundiuze kudakali m'mawa, nanenso ndikhale. Ine ndi mkazi wa mwini, sindingalowe kumpanda kwa mwamuna ndekha."

"Ndidzakuuzani, mayi. Musakayike."

"Chabwino. Ndipo ine ndikhala wakubayo. Zabwinozabwino ndimachita sabata yonse."

Miyezi iwiri imene inatsatira ndiyo yabwino kuposa yonse pa moyo wanga. Onse anayi ankafika dzuwa litangopendeka. Akimu ankafuna kumenyana ndi chilichonse chimene chasuntha, Wedisoni ankafunsa kulemera kwa katundu aliyense, Mayi Filesi ankandikonza ndikasokoneza mayina a mitsinje. Koma mwini masewera anali a Nachisale. Ankamvetsera mutu uli chopendeka, ndipo ndikafunsa kuti, "Ndiye mutani?" ankayankha chinthu chimene m'kope munalibe. Anabera mfumukazi mphete n'kukaibweza asanaidziwe kuti yasowa. Anagona m'nkhokwe ya adani masiku atatu. Dayisi ikawakana ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Tsiku lina akunyamuka ananena motsitsa mawu kuti, "Muno mokha ndi mmene munthu amandifunsa chimene ndikufuna kuchita, osati ngati ndiwo zapsa."

Tinawoloka mitsinje iwiri, tinadutsa nkhalango, ndipo Loweruka lina apaulendo anafika pachitseko chachitsulo pansi pa phiri. Loko wake akanatha kutsegula ndi wakuba yekha. A Nachisale anali atagwira kale dayisi, koma dzuwa linali litapita ndipo Mayi Filesi ankaopa kuwoloka mochedwa. Ndinatseka kope n'kunena kuti chitseko tidzatsegula sabata yamawa.

Sabata yamawayo, Loweruka m'mawa, Mayi Filesi anaima pashedi yathu dengu lili m'manja.

"Lero sinditha, ndili ndi mayeso a ana oti ndichonge. Muwauze a Nachisale, ine ndikuthamangira."

Pasanapite nthawi Akimu anakuwa ali pakhomo pa shopu yake kuti kumapeto kwa mwezi mitu imachuluka, ndimukhululukire. Wedisoni anali atapita kale kumudzi kukaona amayi ake odwala. A Nachisale anali pomwepo, mapazi makumi atatu kuchoka pamene ndinakhala, akutembenuza zitumbuwa m'mafuta. Ndinaimirira, ndinavula epuloni, kenako ndinakhalanso pansi n'kutola nyundo. Ndinadziuza kuti mwina Mayi Filesi amaliza msanga. Ndinkadziwa kuti samaliza.

Masana anagogoda pachipata, atavala chitenje chochapa.

"Anzathu aja?"

"Ali m'njira, mayi. Khalani."

Anakhala pampando, ine pakhonde. Sitinasewere, poti lamulo langa linali lomwe lija. Tinkangomvera chigayo chikulira kutali. Anafunsa ngati kuseri kwa chitseko kuli munthu kapena chilombo, ine ndinati adzaona okha. Dzuwa litatsika anatsanzika, ndipo ine ndinapukusa mutu n'kudandaula nawo limodzi za anthu osasunga pangano.

Loweruka lotsatira linali lomwelo. Mayi Filesi anaima ndi dengu lomwe lija, koma ulendo uno analankhula chapansipansi. Akulu a kumpingo kwawo anali atamva za madayisi ndipo anati ndi ula.

"Ine ndasiya, bambo. Ntchito yanga ndi ya ana a anthu, sindifuna zonenedwa. Muwafotokozere bwinobwino anzanga aja."

Akimu ndi Wedisoni atamva kuti aphunzitsi asiya, nawonso anayamba za "tiona mmene kuchere." Mayi Filesi ndi a Nachisale sankapemphera kumodzi, ndipo ankangokumana patebulo langa. Uthenga wonse unkadzera mwa ine, ndipo mwa ine ndi mmene unkathera. Masana a Nachisale anagogoda, ine ndinati ali m'njira. Loweruka lachitatu anagogodanso. Loweruka lachinayi anaima pachipata osalowa.

"Mwatsimikiza kuti a Filesi abwera lero?"

"Andiuza okha m'mawa."

"Chitseko chijatu chikundisowetsa mtendere," anatero akuseka, n'kulowa.

Ndinene poyera kuti sindinkawafuna mayiwo mmene anthu anaganizira. Zikanakhala choncho, bwenzi manyazi anga ali a mtundu wodziwika, woti amuna anzako amakumvetsa. Ine ndinkangofuna kumva kugogoda pachipata. Ndinkafuna kuti pa mipando inayi, umodzi ukhale ndi munthu. Sindinaganizepo kuti mpanda umene unkandibisa ine unkabisanso zoti m'katimo simukuchitika kanthu. Anthu ankangoona mkazi wa a Gelesomu akulowa yekha masana n'kutuluka yekha madzulo.

A Gelesomu atabwera kumapeto kwa mwezi, nkhani inawachingamira asanatsike n'komwe m'lole. Ankhoswe a mbali zonse anatiitana Lamulungu masana pansi pa mtengo, kwa amalume awo a bambowo. Anthu anadzaza mpaka kumsewu. Anandiuza kuti ndibweretse zimene timachita kumpandako, ndipo ndinayala mapu ndi madayisi pamphasa. Amalumewo anakankha dayisi imodzi ndi ndodo yawo.

"Iyi ndi juga kapena ula?"

"Ndi masewera chabe, bambo. Timayerekezera kuti tili pa ulendo."

"Munthu wandevu ngati inu, kuyerekezera?"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kwake kunali komwe kuja kwa amayi a kuchitsime. A Nachisale anafotokoza modekha kuti ankapita podziwa kuti aphunzitsi abwera, monga anagwirizana ndi amuna awo. Anaitana Mayi Filesi, ndipo iwo ananena zoona zokhazokha: anasiya kalekale, ndipo uthenga anasiya kwa ine kuti ndipereke. Pamenepo bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Nkhoswe ya a Gelesomu inafunsa pang'onopang'ono kuti aliyense amve.

"Uthenga wa aphunzitsiwa, munkawauza mayiwa kapena ayi?"

Ndikanati ayi, bwenzi atandifunsa chifukwa, ndipo ndikanayenera kunena pamaso pa tauni yonse kuti ine, munthu wandevu, ndinkaopa kukhala ndekha ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinamva mawu anga akutuluka ngati a munthu wina.

"Ndinkawauza."

A Nachisale sanalire, sanakuwe. Anangoti, "Bambo, yang'anani kuno mubwerezenso."

Ndinabwereza ndikuyang'ana pamphasa.

M'mawa mwake ndinakwera lole ya makala osatsanzika munthu. Nyundo zanga ndinazisiya m'shedi. Patapita miyezi ndinamva kwa wogulitsa nsomba wina kuti mayi uja anabwerera kwawo ndi ana awiri, ndipo m'gulu la amayi a kutchalitchi anamuchotsa. Wogulitsa nsombayo sankadziwa kuti akuuza yani, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna za mchere kapena zootcha.

Matauni otsatira ndi osokonekera m'mutu mwanga. M'ina ndinkathira chimanga m'chigayo mpaka nsidze kuyera, m'ina ndinkamata machubu a njinga, m'ina ndinkapaka laimu nyumba za anthu. Paliponse ndinkapeza anthu anayi, ndipo nthawi zina nkhope zawo zinkakhala ngati ndinazionapo kale. Chodabwitsa n'chakuti ntchito imene a Zakeyu ankanena ija ndinaidziwa tsopano. Lamulo langa ndinalitaya: akabwera atatu tinkayamba, akabwera awiri tinkayambabe, ndipo wosowayo tinkati watsalira kukasaka chakudya. Tsiku linkakhala limodzimodzi losasuntha. Nyengo yolima ndi yokolola tinkapuma. Mafoni atabwera ndinaphunzira kuti wonena kuti "ndili m'njira" uku tambala akulira pambali pake ndiye kuti sanasambe n'komwe. Munthu mmodzi akangoti sabwera, ndinkauza ena onse nthawi yomweyo, kawirikawiri mobwereza, mpaka ena anayamba kunditcha a Mthenga. Ankaganiza kuti ndine munthu wadongosolo, ndipo ine sindinawatsutse.

M'tauni ina ya mafakitale ndinakhala ndi tebulo lodzaza chaka chathunthu, anthu anayi ofika pa nthawi yake, obwera ndi mtedza wawo. Zinali zimene ndinkalakalaka kuyambira pachiyambi, koma sizinandikomere. Apaulendo akayandikira phiri lija ndinkagwetsa mlatho, kapena kubweretsa mkuntho, kapena kuwatumiza kumpoto kukafuna mankhwala. Gulu lililonse linkazungulira phirilo osafika pachitseko, ndipo palibe amene anazindikira kuti ndikuchita dala.

Ndevu zitayamba kuyera ndinatsika basi m'tauni ya pamphambano, m'mawa kukuzizira, n'kulowa m'kanyumba kogulitsiramo tiyi. Mayi amene anandithirira tiyi anaima ndi ketulo m'manja nthawi yaitali kuposa mmene kapu imafunira. Nditakweza maso ndinaona kuti ndi a Nachisale. Anali ataonda, koma mutu ankaupendeketsa momwe muja.

"Shuga masipuni angati, bambo?"

Ndinagwada pansi pomwepo, pasimenti ponyowa, anthu akuona. Ndinayamba kupepesa, mawu akukwerana.

"Dzukani, mukutsekereza makasitomala," anatero. Anthu atatuluka, mayiwo anakhala pabenchi moyang'anana nane. "Ine mukundiuza chiyani chimene sindikuchidziwa? Ndinalipo. Ndikudziwa kuti simunandiuze. Amene sakudziwa ndi amene anamva tsiku lija. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa chaka chatha, ndipo apongozi ake anachita kufunsa ngati khalidwe la amake alibe. Mukafuna kupepesa, kasonkhanitseni anthu aja. Paja kusonkhanitsa anthu ndi ntchito yanu."

"Mudzabwera, mayi?"

"Mukapeza tsiku mudzandiuze."

Ndinabwerera m'tauni yachinayi, ndipo msewu wake unali waufupi kuposa mmene ndinkaukumbukira. Akimu anali akumetabe pamalo pomwe paja. Anandizindikira pagalasi. Wedisoni anali atamwalira. Amalume a ndodo aja nawonso anapita, koma nkhoswe imene inandifunsa funso inalipo, itagontha khutu limodzi. Nkhoswe ya a Nachisale, mchimwene wawo, dzina lake a Mafuleka, inandithamangitsa pakhomo kawiri, kachitatu inandipatsa mpando osandipatsa moni. Mayi Filesi anali atapuma ntchito ndipo ankaweta mbuzi kumudzi kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu. Nditawafotokozera anati ayesetsa. Ndinakhala pakhonde pawo mpaka anatchula tsiku ndi pakamwa pawo.

Kwa a Gelesomu ndinapita komalizira. Lole anasiya kalekale chifukwa cha maso. Anali ndi mkazi wina ndi ana atatu, ndipo ndinawapeza akukonza khasu. Sindinawauze chimene ndikufuna kunena, ndinangoti ndi nkhani ya bwalo lija ndipo iyenera kunenedwa pamaso pa ankhoswe. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti pakhonde pawo malo alipo.

Tsikulo linasuntha katatu. Koyamba kunagwa maliro kwa a Mafuleka, kachiwiri mtsinje unadzaza, kachitatu mwendo wa Mayi Filesi unatupa. Nthawi iliyonse ndinkayenda ndekha kukauza aliyense, ndipo kwa a Nachisale ndinkakwera basi kukanena pamaso. Iwo ankangogwedeza mutu uku akutsuka makapu. Mvula inatha, chimanga chinauma m'minda, ndipo pamapeto pake tinagwirizana Loweruka lina la nyengo yozizira.

Pofika pakati pa m'mawa onse anali atakhala pakhonde pa a Gelesomu. Akimu anatseka shopu. Mayi Filesi anabwera pangolo, mwendo uli womanga. Ankhoswe awiri anakhala motalikirana. Anansi ena akale anamva mphekesera ndipo anaima m'mbali mwa mpanda. Ine maso anali kumsewu. Patapita nthawi panaima njinga ya kabaza, ndipo anatsika mayi wofanana nkhope ndi a Nachisale, koma sanali iwo. Anali mng'ono wawo. Anagwada pang'ono n'kupereka moni kwa aliyense, kenako anatembenukira kwa ine.

"Achemwali akuti sabwera. Akuti ndikuuzeni kudakali m'mawa kuti musavutike n'kudikira. Akuti iwo nkhaniyi akuidziwa kale."

Pamenepo ndinazindikira kuti miyezi yonseyi ndinkayembekezera kuti ndikamalankhula iwo adzakhala akumva, ndipo mwina pamapeto pake adzanena kuti zatha. Ndinatsala pang'ono kupempha kuti tisunthenso tsiku. Mayi Filesi anandiona milomo ikuyamba kuyenda.

"Ine ndabwera pangolo, bambo. Yambani."

Ndinaimirira. Ndinanena zonse mwadongosolo lake, mokweza kuti nkhoswe yogontha ija imve. Ndinanena za pangano limene mayiwo anandipangitsa, za uthenga umene ndinkalandira m'mawa, za mmene ndinkawauzira kuti anzathu ali m'njira. Ndinanena kuti kumpandako sitinakhalepo ngakhale pamphasa imodzi. Ndinanenanso chifukwa chake, chija ndinkaopa kunena, ndipo ulendo uno palibe anaseka. Akimu anawerama. A Mafuleka ankayang'ana kumwamba.

A Gelesomu ndi amene anayamba kulankhula.

"Ndiye munkadziwa kuyambira m'mawa?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Maulendo angati?"

"Anayi."

Anapukuta maso awo ofookawo ndi chikhatho. Kuseri kwa chitseko mkazi wawo wa tsopano anali ataima ndi mwana m'manja, ndipo sanabisale.

"Titachoka pabwalo paja anandigwira mwendo," anatero a Gelesomu. "Analumbira pa ana athu awiri. Ine ndinamukankha. Ndinakhulupirira inu, munthu wobwera, chifukwa ndinati mwamuna sanganame bodza lomuipitsa iye mwini. Mwana wanga wamkazi wakwatiwa ine osaitanidwa." Anatembenuzira nkhope kumene ndinaima. "Inu mwatula katundu wanu, mwachita bwino. Nanga ineyo ndikatule kwa yani?"

Anafunsa modekha, ngati munthu wofunsa njira, ndipo anadikira ndithu kuti ndiwayankhe.